Nandolo wa Che Saidi Pansi pa Nyamalikiti

Ine sindikonda kukamba za ku Joni. Okamba kwambiri ndi aja anakakhalako miyezi yowerengeka n'kubwera ndi wailesi paphewa. Ine ndinakhalitsako. Koma za makina aja ndikamba, chifukwa anthu akandiona ndikuwotcherera njinga pa Nkando amayesa ndiyo ntchito yokhayo imene manja awa anagwirapo.

Ndinachoka matipate atangoyamba. Anthu ankavina m'misewu, koma kamunda kathu sikanakule ngakhale phazi limodzi. Kuno ku Mulanje ukaponya khasu mwamphamvu limakagwera mu tiyi wa esiteti. Ndinali mkamwini kwawo kwa akazi anga, kuseri kwa Mishoni, ana akuchuluka. Tsiku lina alamu anga, achimwene awo a akazi anga, ananena pamaliro, anthu akumva, kuti mwamuna wongomata mabeseni obooka ndi mlendo wodzadya. Ndinagulitsa kamakina kanga kowotcherera n'kukwera lole.

Akazi anga anandiperekeza mpaka pamsewu. Anati, "Musakatchone."

Ndinati, "Ndamva."

Tinatsanzikana choncho.

Za panjira ndidumpha. Amene anapitako akudziwa kutentha kwa ku Tete ndi maso a asilikali a pachipata. Ndinakathera pa famu ina kumpoto kwa dziko la Jonilo, kotentha ngati ku Nsanje, m'mbali mwa mtsinje. Mwini wake anali Mbunu wamkulu thupi, wofiira khosi. Tinkamutcha Kabudula, chifukwa ngakhale kutchalitchi ankapita mawondo ali pamtunda. Sanali munthu woipa. Sanalinso wabwino. Anali mlimi, ndipo mlimi amakonda munda kuposa anthu.

Tsiku loyamba ndinaima m'mphepete mwa munda wake ndipo ndinakwiya. Chimanga chokhachokha mpaka pomwe maso athera. Pakati pa mizere dothi lili mbee. Panalibe nyemba, panalibe dzungu, panalibe ngakhale phesi limodzi la nandolo. Kwathu munthu wosiya dothi lotere amasekedwa ndi ana omwe.

Tinkagona mu komponi, nyumba zazitali za malata, zipinda zogawa ndi masaka. Munali Ashangani, Azimbabwe, ndi ife Amalawi ochepa. M'chipinda chimene anandipatsa ndinapezamo anthu awiri a kwathu. Wina anali Zuze, wobadwira ku Mozambiki, amene anathawa nkhondo ndi makolo ake n'kukulira pa Nkando. Pakamwa pake sipankatseka. Wina anali Che Saidi a pa Chinakanaka, Msilamu, munthu wamfupi, wofatsa, amene kale ankayendetsa lole ya nthochi kupita ku Limbe. Atamva kumene ndinakwatira anayamba kunditcha a Mishoni, ndipo dzina langa lenileni sanalitchulepo.

Pakutha pa mwezi Kabudula ankatipatsa nyama. Nthawi zambiri inali nkhumba. Ikakhala ng'ombe, inali yosazingidwa ndi Msilamu. Che Saidi sankaikhudza. Ankaphika kabichi m'kampoto kawo kawokawo, kamene sankalola kuti wina akabwereke.

"Inu a Mishoni mumadya chilichonse chimene chasiya kupuma," ankatero.

Zuze ankayankha nyama ili m'kamwa, "Epa, Che Saidi, Mulungu ali ku Malawi. Kuno saona."

"Iwe Zuze, Mulungu anakuona ukuwoloka Muloza ulibe kabudula. Akulephere kuno?"

Lamulungu lina Che Saidi anati, "A Mishoni, tiyeni mukaone kwanu." Ndinayesa nthabwala. Tinayenda mpaka kumapeto kwa munda, kumene mtsinje umapinda n'kusiya kangodya kopapatiza. Tinalowa m'chimanga. Mkati mwake, pakati pa mizere, munali nandolo. Mthawajuni weniweni wa kwathu, masamba ake otuwa kunsi. Apa ndi apo dzungu likuyanga.

"Mbewu anandisankhira amayi anga," anatero. "Ndinabwera nayo m'sokosi."

Sindine munthu wolira. Ndinathyola tsamba, kulifikisa pamphuno, n'kuyang'ana kumbali.

Malowo anawasankha mwanzeru. Kangodyako makina okolola sankatha kutembenukamo, choncho tinkakolola ndi manja, ifeyo. Polima ankafikako mochedwa, nandolo atacha kale. Opopera mankhwala tinalinso ife, ndipo tikafika pamenepo tinkangotseka dzanja n'kudutsa. Kabudula sankalowa m'chimanga chomupitirira mutu, ankaopa njoka. Chaka chimenecho tinadya makata, nandolo wophika ndi makoko ake, titakhala pa zidebe kuseri kwa komponi. Che Saidi anadya mpaka kumasula lamba. Ashangani anabwera kudzalawa, n'kumafunsa kuti nyemba zanji zobereka mumtengo.

Ntchito yoipa pa famupo inali yopopera. Chimanga chikafika m'chiuno thirakitala siinkalowanso, inkathyola. Ndiye kapuchi, mbozi zoboola mapesi zija, akagwa, tinkalowa anthu, aliyense sipuleya kumsana. M'chimanga chachitali mulibe mphepo. Chimene wapopera chimakubwerera kumaso. Zotseka pamphuno ankatipatsa, koma ndi kutentha kuja munthu unkazivula kuti upume. Madzulo malaya ankanunkha, msana utasupuka, lilime likuwawa.

Ine sindinakhalitse kumeneko. Kabudula anandiona ndikukonza geti lothyoka, n'kundisamutsira ku galaja. Che Saidi anatsala m'mizere. Anali atapopera zaka zambiri ndisanabwere, ndipo chifuwa chawo chinali chitayamba. Ankapuma ngati mvukuto wobooka. Pakati pa mzere ankaima, kugwira phesi, kutsokomola mpaka kugwada. Anzawo ankawamalizira mizere mobisa. Koma kapitawo anali ndi maso, ndipo mawu anamveka kuti amene samaliza mizere yake, chimanga chikakololedwa azipita.

Kunyumba Che Saidi anali ndi akazi, amayi okalamba, ndi mwana wamkazi ku sekondale. Zimene ankatumiza kudzera kwa madalaivala a mabasi ndizo zinkadyetsa onsewo. Anandiuza kamodzi kokha, akutsuka kampoto kawo. "A Mishoni, ndikafika pa Chinakanaka nditanyamula chifuwa chokha, ndikawauza chiyani?"



Kuseri kwa galaja kunali chimakina chakale chokololera chimanga. Chinasiyidwa Kabudula atagula chatsopano. Nkhuku zinkaikiramo mazira. Tsiku lina Kabudula anabwera kuchokera ku chionetsero cha alimi, kumene anaona makina opopera amiyendo italiitali, oyenda pamwamba pa chimanga osachithyola. Mtengo wake unamuthawitsa. Anandiitana kuseri kuja, kuthamangitsa nkhuku, n'kujambula ndi chala padothi. Tinkalankhula chinenero cha pafamu chosakaniza, manja akuthandiza.

"Injini ndi yamoyo," anatero. "Chakufa ndi mimba. Tichotse mimba, tiike miyendo. Ungathe?"

Ndinachizungulira. Ndinagogoda zitsulo zake. Zinali zitsulo zakale, zolemera, zosanama.

"Ndingathe. Koma woyendetsa akhale Saidi."

"Wotsokomola uja?"

"Mkati mwa magalasi satsokomola. Anayendetsa lole m'mapiri a kwathu. Muno mulibe ngakhale chulu."

Kabudula anaseka. "Chiyambe chaima kaye."

Tinayamba ndi mutu, chimphika chachikulu chakutsogolo chimene chimadula mapesi. Tinachichotsa. Kenaka matumbo: chogudubuza chopunthira, masefa, malamba, zonse zimene zimalekanitsa chimanga ndi zitsononkho. Tinatulutsa mulu wa zitsulo wofika pachifuwa, ndi makoswe ambirimbiri. Pamene pankagwera chimanga tinaikapo thanki yaikulu ya mankhwala. Chinatsala chigoba: injini, kanyumba ka dalaivala, ndi matayala.

Za pampu ndi mapaipi a oilo ankazidziwa Kabudula. Ine sindinkazidziwa, ndipo sindinama kuti ndinkazidziwa. Nzeru yogwiritsa ntchito mphamvu imene kale inkakweza mutu wodulira kuti izikweza mikono yopopera inali yake. Zanga zinali zitsulo. Ndinapanga mikono iwiri yaitali ya mapaipi, yopindika ngati mapiko, yokhala ndi timilomo totulutsa mankhwala. Ndinapanganso miyendo. Matayala akale anali otambalala, akanaponda mizere iwiri. Tinapeza opyapyala a thirakitala yakufa. Mwendo uliwonse unali bokosi lachitsulo, mkati mwake muli tcheni chotsitsa mphamvu kuchokera kumwamba kufika ku tayala. Mpata wa pakati pa matayala ndinauyeza m'munda momwe, ndi ndodo, kuti aziyenda m'makwalala a mizere.

Tsiku loyesa komponi yonse inabwera. Chinaima chachitali moti munthu ankadutsa pansi pake osawerama. Tinadzaza thanki ndi madzi. Kabudula anakwera, kuchiyendetsa pabwalo, kukhota pa geti. Pokhotapo mwendo wakumbuyo unalira ngati mfuti. Chinagwada. Madzi onse anakhuthukira pa kapitawo.

Anthu anaseka mpaka kugona pansi. Zuze anakuwa, "A Mishoni, mwapanga ng'ombe yopemphera!"

Powotcherera panga ndi pamene panang'ambika. Ndinali nditaganizira kulemera kwa thanki, osaganizira kuti madzi amathamangira mbali imodzi pokhota. Kabudula anatsika, kuyang'ana mng'aluwo, kundiyang'ana ine. Sanatukwane. Anati, "Wamva chimene chitsulo chanena?" Ndinati ndamva. Ndinadula miyendo yonse n'kuyambanso. Ndinaika zitsulo zopingasa zogwirizira miyendo, ndipo m'thanki tinaikamo zotchinga kuti madzi asamathamange. Masiku amenewo maso anga ankakhala ngati athiridwa mchenga. Che Saidi ankandidulira mbatata yaiwisi kuti ndiike pazikope.

Ulendo wachiwiri chinaima. Chinakhota, kubwerera, kulowa m'chimanga chomasula ngayaye, n'kutulukira mbali ina osathyola phesi. Zuze ndiye anachitcha Nyamalikiti, nyama ya khosi ndi miyendo yaitali ija, ndipo ngakhale Kabudula anayamba kuchitchula choncho, lilime likumupinda.

Kanyumba ka dalaivala ndinakamata ndekha. Paliponse polowa mpweya ndinatseka ndi mphira wa chubu. Che Saidi anakwera makwerero pang'onopang'ono, kupuma pakati, n'kukhala pampando. Anati bisimila, n'kuliza injini. Tsiku limenelo anapopera munda umene gulu lonse linkautha sabata.

"Che Saidi," Zuze anakuwa kuchokera pansi, "mwayandikira kumwamba, mutipemphererekotu!"

"Iwe ndakuona kale, pamutu pako payamba dazi!"

Opopera ena anawasamutsira kosankha malalanje. Ena ntchito inawathera, ndipo anandida. Ndinawamva akunena. Sindinawatsutse.

Koma Che Saidi anachira ndithu. Kutsokomola kunachepa. Masaya anabwerera. Anayamba kuyenda ngati munthu wokhala ndi malo ake.

Chaka chotsatira Kabudula anagwirizana ndi kampani ina kuti alime chimanga cha mbewu. Chimanga chotere chili ndi malamulo. Oyendera amabwera, ndipo akapeza chomera chachilendo m'munda akhoza kukana munda wonse. Kabudula anandiuza ndiwonjezere timapaipi tolendewera pa mikono ya Nyamalikiti, tofika kunsi kwa masamba, kuti tizithira mankhwala opha udzu pakati pa mizere. Ndinapanga. Za kangodya ka kumtsinje sindinaganize.

Che Saidi anali atadzala kale, monga mwa chaka ndi chaka. Munthu wa kwathu mvula ikagwa manja amayabwa. Lamulungu masana anandipeza ku galaja.

"A Mishoni, dzanja lamanzere la chinyama chanuchi lidutsa pa nandolo."

"Ndiye?"

"Mundiikire kampopi. Kakang'ono. Ndikafika pamenepo ndizitseka nsonga yokhayo."

"Makina anga sindiika zachinyengo."

"Si chinyengo. Kale tinkatseka dzanja podutsa. Ili ndi dzanjanso. Mwalipanga lopanda ulemu."

Ndinakana mpaka dzuwa kupendeka. Kenaka ndinaika kampopiko pansi pa mpando, pomwe chidendene chingafike. Makata ndinkadya nawo.

Chimene tonse sitinachiganize ndi ichi. Kale Kabudula ankaona munda wake kuchokera m'mphepete, ngati munthu woona nyumba kunja. Ine ndinamupatsa nsanja. Anazolowera kukwera pa makwerero a Nyamalikiti, Che Saidi akuyendetsa, iye ataima kunja akugwira chitsulo, akuona munda wonse kuchokera pamwamba. Udzu utafa, makwalala onse anali ofiira. Kangodya kokha kanali kobiriwira ngati dimba.

Anatiitana masana, dzuwa lili paliwombo. Ine, Zuze ndi kapitawo tinapeza Nyamalikiti itaima m'mphepete mwa kangodyako, Che Saidi ali pansi, chisoti m'manja. Kabudula anali atalowa m'chimanga, njoka kapena ayi, n'kuzula mtengo umodzi wa nandolo. Unali wofika m'chiuno.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndiwo, bwana," anatero Che Saidi.

"Wadzala ndani?"

"Ine."

"M'munda mwanga? M'chimanga cha mbewu?"

"Dothi linali longokhala, bwana."

Kabudula anafiira mpaka m'makutu. Anati oyendera akubwera mwezi womwewo. Anati munda wonsewo, ngongole yake ya kubanki, malipiro athu tonse, zikhoza kugwa chifukwa cha nyemba za munthu mmodzi. Sankanama. Zuze anayesa kulowererapo, kuti tizule tikaoke kuseri kwa komponi. Koma Zuze yemweyo ankadziwa kuti nandolo wofika m'chiuno saokedwa. Muzu wake umalowa pansi ngati msomali.

"Kwera," Kabudula anauza Che Saidi. "Popera pano ndikuona. Ukakana, Lachisanu galimoto ikakusiya pamsewu."

Che Saidi anavala chisoti. Anakwera. Analiza injini. Tinadikira. Mikono inatambasuka, timapaipi tikulendewera pamwamba pa nandolo. Kenaka injini inazima. Anatsika pang'onopang'ono monga anakwerera tsiku loyamba.

"Sindingathe, bwana."

"Wati chiyani?"

"Chakudya chili chiimire sachithira poizoni. Kwathu wochita zimenezo ndi mfiti."

Zuze anawagwira mkono. "Epa, Che Saidi, amigo, nandolo salipira fizi! Mwana ali kusukulu uja adya masamba amenewa? Kwerani!"

"Ndisiye, Zuze."

"Chifuwa chanucho mukachipititsa kuti? Ndani akakulembeni ntchito mukutsokomola magazi?"

"Ndati ndisiye."

Ndinawayang'ana. Ndinkawadziwa. Munthu amene wadya kabichi zaka zonsezo nyama ikununkhira pambali sasintha chifukwa cha kukuwa kwa Mbunu. Akanapita pamsewu Lachisanu ndi kampoto kawo m'manja, ndipo akanayesa kuti achita bwino.

Ndinapita kwa Kabudula. Ndinati, "Bwana, pansi pa mpando pali kampopi kotseka dzanja lamanzere. Ndinaika ndine. Dalaivala amayendetsa chimene wapatsidwa. Makinawa ndi anga, ndikonza ndekha."

Sindinadikire yankho. Ndinakwera.

Che Saidi anakuwa, "A Mishoni! Tsikani!"

Ndinatseka chitseko. Mphira umene ndinamata unali wabwino, mawu awo sanalowenso. Ndinkangoona pakamwa pakuyenda. Ndinaliza injini, kutsegula kampopi ndi chidendene, n'kulowa. Sindine dalaivala. Ndinathyola chimanga chambiri pokhota. Koma ndinapopera kangodya konse, kupita ndi kubwerera, osasiya phesi. Kuchokera pamwamba nandolo ankaoneka bwino kwambiri. Masamba ankagwedezeka ndi mphepo ya mankhwala, n'kumanyezimira ngati agwa mame. Ndinaona ndi dzungu lomwe, litayamba tizipatso.

Nditatsika ndinauza Kabudula, "Zatha. Mawa ayendetsa ndi Saidi. Mukamuchotsa, miyendo ikadzathyoka mudzawotcherere nokha."

Kapitawo anatsegula pakamwa. Palibe amene ankalankhula choncho pa famupo. Kabudula anandiyang'ana. Anayang'ana chimanga chimene ndinathyola. Anaponya pansi mtengo wa nandolo uja.

"Chotsa kampopiko lero," anatero, n'kukwera galimoto yake.

M'mawa mwake Che Saidi anakwera Nyamalikiti. Ntchito inatsala yawo. Nandolo anapinda masamba, kuchita chikasu, n'kuuma ali chiimire. Tinazula mitengo youmayo oyendera asanafike, ine ndi Zuze. Munda unalandiridwa.

Che Saidi anasiya kundilankhula. Anasamutsa mphasa yawo kupita kuseri kwa saka. Sanakalipe, sananditukwane. Ankangodutsa ngati ndine mzati. Makina akavuta ankatuma Zuze, ine ndili pomwepo.

"Zuze, uwauze a ku galaja kuti tcheni chakumanzere chikulira."

Zuze ankatembenukira kwa ine. "A ku galaja, akuti tcheni chikulira."

"Uwauze ndamva."

"Che Saidi, akuti amva. Epa, inu madala awiri mundilipire, ndasanduka foni!"

Palibe ankaseka. Ndinkakonza tchenicho. Kanyumba kawo ndinkakayendera mwezi ndi mwezi, kusintha mphira ukauma. Iwo ankapeza pakonzedwa, osanena kanthu. Ine kupepesa sindinapepese. Ndikanapepesa chiyani? Zinakhala choncho mpaka ndinachoka.

Anandichotsa ndi maso. Moto wowotcherera unawadya, ndinayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, ndipo zitsulo zazikulu zimafuna maso athunthu. Kabudula anandipatsa kamakina kowotcherera kakale ndi chipewa chake cha galasi, n'kundigwira chanza. Tsiku lonyamuka Zuze anandinyamulira chikwama. Che Saidi anali kumunda. Ndili pa galimoto ndinaona Nyamalikiti patali, ikuyenda pamwamba pa chimanga. Siinaime.

Kunyumba ndinapeza malata amene ndinkatumizira ali padenga. Akazi anga anali atachita imvi, ndipo anali atazolowera kulamula okha. Ankandifunsa maganizo zinthu atazichita kale. Ana ankanditcha abambo, koma nkhani zawo ankapita nazo kwa amalume awo. Alamu anga aja anandilandira atakhala pampando umene ndinagula ine, n'kundifunsa ngati ndikhalitsa. Kamunda kanali katagawidwa kwa ana aakazi. Sindinakangane ndi munthu. Ndinapeza khonde pa Nkando, kulumikiza magetsi, n'kuyamba njinga, mawilibala ndi mafelemu a zitseko.

Za Che Saidi ndinkangomva kwa obwera. Akuti akuyendetsabe. Akuti Kabudula wapanganso Nyamalikiti yachiwiri ndipo Che Saidi ndiwo akuphunzitsa madalaivala. Patapita zaka ndinamva kuti abwerera, atsegula kagolosale pa Chinakanaka. Sindinapiteko. Iwonso sanabwere.

Tsiku lina la msika, ndili chowerama pa wilibala, ndinaona tayala la njinga litaima patsogolo panga. Ndinakweza chipewa. Anali atakalamba, ndevu zoyera, mkanjo woyera. Ankapuma bwino.

"A Mishoni."

"Che Saidi."

"Keliyala yathyoka."

"Ikani apo."

Anakhala pa benchi. Ndinamaliza wilibala kaye, chifukwa mwini wake anabwera poyamba. Iwo anadikira, akuyang'ana maminibasi.

"Mwana uja ndi mphunzitsi tsopano," anatero.

"Ndinamva."

"Amayi anamwalira ndili konko. Ndinangotumiza nsalu ya maliro."

"Pepani."

"Zuze anakwatira Mshangani. Akuti mkaziyo amalankhula kuposa iye."

"Mulungu ndi wachilungamo."

Anaseka pang'ono, n'kusiya. Kenaka anati, "Koma munandiphera nandolo."

"Ndinapha."

"Ndi dzungu lomwe."

"Ndi dzungu lomwe."

"Mpaka lero simunapepese."

"Sindipepesa."

"Ndikudziwa. Mutu wanu ndi chitsulo cha njanji."

Ndinakoka njinga ija kuti ndione keliyala. Maso anga ndi ofooka, koma zala zimaona. Chitsulo chothyoka chokha chimakhala ndi mano, chimapindika, chimayamba ndi dzimbiri. Ichi chinali chosalala, chowala, chodulidwa ndi sowo m'mawa womwewo. Ndipo pa Chinakanaka owotcherera alipo, sindiwo osowa.

Ndinawayang'ana. Iwo ankayang'anabe maminibasi.

"Yathyoka moipa," ndinatero. "Itenga nthawi."

"Sindikuthamangira kulikonse."

Ndinatuma mayi wa pafupi kuti abweretse tiyi makapu awiri. Kenaka ndinatsitsa chipewa, n'kuyamba kuwotcherera pang'onopang'ono.